Nkhani za ana a matenanti: tionetse nkhope kapena ayi?

Tadala (Chinkhoma): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru. Kalabu yathu ya achinyamata ikufuna kutolera nkhani za anthu amene anakulira m'maesiteti a fodya ngati ana a matenanti, ena mwa iwo adakali komweko. Tikufuna tipange sewero loyenda nalo m'misika ndi m'masukulu, mwinanso tikapemphe mpata pa wailesi ya m'dera. Ofuna kulankhula tawapeza kale. Koma pakati pathu pabuka mkangano: ena akuti tijambule mavidiyo nkhope zikuoneka, tiike pa Facebook dziko lione. Enafe tikukana. Msonkhano unatha osamvana. Inu mukuona bwanji?

Gift (Kasungu boma): Ine ndilankhula mosapsatira. Nkhani yopanda nkhope anthu saikhulupirira, amati mwapeka kuti mudyerepo ndalama za mabungwe. Mu 2018 nyuzipepala ya ku Britain ya The Guardian inalemba za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno kwathu, zithunzi zili pomwepo. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa kaye padoko mpaka mwini katundu asonyeze kuti sanalimidwe ndi ana kapena anthu okakamizidwa. Mu 2020 maloya a Leigh Day anakasumira makampani a fodya a BAT (British American Tobacco) ndi Imperial ku khothi la ku London m'malo mwa matenanti masauzande ndi ana awo. Anthu akunja aja anagwedezeka chifukwa anaona mwana ndi maso awo.

Mayi Nabanda (Chamama): Gift mwana wanga, zimene wanenazo zinachitikadi. Koma ndikufunse. Wojambula akakwera galimoto kubwerera ku Lilongwe, mwana uja amagona kuti? Amagona m'kanyumba komwe kaja kuseri kwa chigafa, ndipo m'mawa bambo ake akakumana ndi kapitawo. Tenanti salandira malipiro pamwezi. Amadya chimanga cha ngongole chaka chonse, kudikira mabelo akagulitsidwe ku okushoni, kenako bwana achotsere zonse, chimanga, feteleza, mankhwala, ngakhale ya galimoto imene inakawatenga kwawo. Munthu wotereyu mukamuonetsa pa Facebook fodya adakali m'chigafa, bwana n'kupsa mtima n'kumuthamangitsa, thukuta la chaka chonse lapita. Adzasowa ndi yokwerera basi yomwe yobwerera ku Mulanje.

Gift: Ndiye tikhale chete mayi? Kukhala cheteko n'kumene eni maesiteti akufuna.

Mayi Nabanda: Sindinati chete. Ndati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini nkhani ndiye anene kuti ifike pati. Ndipo mwana wa zaka 12 sangathe kuyeza kuti vidiyo ya lero idzamutsata mpaka liti. Akadzafika ku sekondale anzake adzaipeza, iye sadzatha kuifufuta.

Bambo Mwale (Santhe): Ndalowa mochedwa, ndinali kudimba. Gift, mbiri wayifotokozayo ndi yoona koma wayiyambira pakati. Mabungwe a antchito a m'fodya ndi a mipingo anakhala akudandaula za utenanti kuyambira zaka za m'ma 1990, bilu yoteteza matenanti n'kumangokhala m'madirowa. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa kafukufuku amene linachita ndi ana ogwira ntchito m'fodya, ena a konkuno ku Kasungu. Anthu ambiri amakumbukira nambala yokha, yoti mwana wothyola fodya angathe kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi kusuta ndudu 50 pa tsiku. Koma chimene chinandikhudza ine monga mphunzitsi ndi zimene anawo ankanena okha: chizungulire, kusanza, mutu, chifuwa chosatha. Ana otere tinali nawo m'kalasi, akusinza nthawi ya phunziro loyamba, ife n'kumati ndi ulesi. Sitinkadziwa kuti tsamba lonyowa ndi mame limalowetsa chikonga kudzera pakhungu. Mawu a ana ndiwo anatitsekula maso, ndipo mawuwo mphamvu yake sinadalire kuti tidziwe mwanayo ndi wa kwa yani.

A Chisale (Wimbe): Ndilankhuleko nane, paja ndine mlimi wa fodya wa bale. Mukamati eni maesiteti, anthu amaganiza za munthu wa mathirakitala. Ambirife ndi a maekala ochepa, tili pa kontilakiti ndi makampani, ngongole ya zipangizo amadula tisanaone ndalama. Mtengo ukagwa ku okushoni ya ku Chinkhoma, kapena belo likabwezedwa, amene ali pansi pathu ndiye amamva kuwawa kwambiri, sindikukana. Koma sewero lanu likangoonetsa bwana woipa wa mimba yaikulu ndi tenanti wolira, anthu adzaseka, adzawomba m'manja, n'kumapita. Amene amaika mtengo simudzamutchula n'komwe.

Gift: Mtengo ukagwa ndiye mwana asiye sukulu azisoka fodya? Lamulo limaletsa mwana wosakwana zaka 14 kulembedwa ntchito, ndipo ntchito yoika moyo pachiswe ndi yoletsedwa mpaka zaka 18. Utenantiwo Nyumba ya Malamulo inauthetsa mu 2021 posintha lamulo la ntchito. Inu muli nawobe?

A Chisale: Anga ndimawalipira pamwezi tsopano, ngakhale movutikira. Koma yendani m'midzimu muone ngati lamulolo lafika paliponse. Ndikungopempha kuti nkhaniyo ikwere mpaka pamwamba, isathere pa ine.

Mphatso (wothandiza anthu pa zamalamulo): Pempho la a Chisale ndi lomveka, Tadala ulilembe. Ine ndifunse funso lina limene simunalifike: nkhanizi mukazitolera, mukupita nazo pakhomo la yani? Ndikupatseni chitsanzo cha ntchito yathu. Mu 2007 Khothi Lalikulu, pa mlandu wa Kafantayeni, linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha azingolamulidwa kuphedwa popanda kumva za moyo wake. Kuyambira 2015 akaidi amene anali atalamulidwa kale kuphedwa anayamba kubwereranso pamaso pa oweruza. Chisanafike chimenecho, anzathu a PASI, bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo, pamodzi ndi a Malawi Human Rights Commission ndi maloya anayenda m'midzi ya akaidiwo, kukhala pansi ndi makolo, mafumu, aphunzitsi akale, ngakhale abale a malemu. Ankafunsa kuti munthuyu anakula bwanji, anadwalapo misala kodi, anali ndi zaka zingati pa tsiku la mlandu, chaka chimenecho kunali njala kodi. Ena zinapezeka kuti anali ana pamene ankapalamula. Ena mafayilo awo anali atasowa kalekale, moti mbiri ya pakamwa ya anthu a m'mudzi ndiyo inali umboni wotsala. Anthu oposa 100 anatuluka m'ndende. Nkhani zimenezija sizinayende pa mafoni. Zinalembedwa mosamala, mwini wake n'kuvomereza, n'kuperekedwa kwa munthu mmodzi amene anali ndi mphamvu yotsekula chitseko cha ndende.

Ndiye Tadala, ngati mwa anthu anuwo muli wina amene bwana anamubera malipiro a chaka chatha, nkhani yake ikufunika ku ofesi ya zantchito ya boma, kapena ku Legal Aid Bureau, yokhala ndi madeti ndi mboni. Ngati muli mwana amene akuzunzidwa panopa, imeneyo si ya sewero, imbani 116, nambala yothandiza ana, lero lomwe kapena pitani ku Victim Support ya apolisi. Sewero libwere pambuyo.

Tadala: Achimwene Mphatso, apa mwatithandiza. Tinali tisanasiyanitse nkhani zakale ndi zimene zikuchitika panopa. Tili ndi ziwiri za ana amene adakali pa esiteti.

Mayi Nabanda: Ziwirizo undiimbire pambali, usazilembe pano. Pagulu pano tilipo ambiri ndipo sitidziwana tonse. Dziwaninso kuti nkhani ya mwana ikafika m'khothi la ana, malamulo salola kuulutsa dzina lake kapena chithunzi chake. Mukatsogoza vidiyo mukhoza kuononga mlandu womwe ukanamuthandiza.

Limbani (Nkhamenya): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndine wa khungu lachialubino, ndiye nkhani ya kujambulidwa ndimaidziwa pathupi panga. Mu Epulo 2016 kamwana kachialubino kosakwana zaka ziwiri kanabedwa usiku kali mtulo ndi mayi ake konkuno ku Kasungu, kenako kanapezeka kataphedwa. Mwezi womwewo kunabwera Ikponwosa Ero, nthumwi ya United Nations yoona za anthu achialubino, yemwenso ndi mnzathu wa khungu ngati langali. Mu Juni a Amnesty International anatulutsa lipoti lodzaza ndi mawu a mabanja oferedwa, ndipo chaka chomwecho aphungu anakhwimitsa zilango. Sindingakane, kufotokoza kunathandiza. Pakanapanda makolo olimba mtima amene analankhula misozi ili m'maso, boma likanapitiriza kunena kuti ndi nkhani zam'maluwa.

Koma mvetserani mbali inayi. Nthawi imeneyo aliyense wa kamera ankafuna mwalubino. Amakujambula uli pakhomo pako, kumbuyo kukuoneka tchalitchi kapena chikwangwani cha sukulu, n'kulemba dzina la mudzi. Kwa ife, kumeneko kunali kulozera achiwembu njira. Chachiwiri, funso linali limodzi lokha: ukuopa? Palibe ankafunsa za mafuta oteteza khungu amene amasowa m'zipatala, kapena za mwana amene saona pa bolodi mphunzitsi n'kumukhazika kumbuyo, pamene khansa ya pakhungu ikutitha mwakachetechete. Anthu anazolowera kutiona ngati maliro oyenda. Mu 2021 a Overstone Kondowe atapambana n'kukhala phungu ku Nkhotakota, woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo, ana athu anaona kuti pali nkhani inanso yonena za ife.

Gift: Achimwene Limbani, za kulozera njirazo ndazimva, ndi zoopsa. Koma inu nomwe mwanena kuti makolo amene anaonekera ndiwo anagwedeza boma.

Limbani: Anali akuluakulu, ndipo anasankha okha. Ena anakana, ndipo kukana kwawo kunali koyenera ulemu womwewo.

Nyamazao (kufupi ndi nkhalango): Pepani kulowetsa ina. Mukamaliza za fodya mutikumbukireko ife a m'mphepete mwa Kasungu National Park. Chibwerereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, minda yatha ndipo anthu afa. Zithunzi za njovu zikukwezedwa m'malole dziko lonse linaziona. Za mayi amene nkhokwe yake inagumulidwa usiku amva ndi ochepa.

Tadala: Tamva mayi, tidzabwera. Tiyambe tamaliza iyi kuti tisagwire ziwiri n'kutaya zonse.

Bambo Mwale: Achinyamata mukuganiza ngati kufotokoza nkhani kunabwera ndi mafoni. Amayi athu ankadandaula za nkhanza za amuna awo poimba pamtondo. Dzina satchula, koma mudzi wonse unkadziwa, ankhoswe n'kuyamba kuyenda. Nthano ya madzulo ija, wina akati padangokhala ife n'kuyankha tili tonse, munkakhala mfumu yadyera ndi mwana wamasiye wozunzidwa, ndipo wolakwa ankadzimva yekha ali pomwepo pamoto. Luso lobisa munthu n'kuulula mlandu ndi lathu lakale.

Ndipo ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa mtengo wa kukhala chete. Mu Meyi 1983 a Aaron Gadama, mwana wa konkuno ku Kasungu, anaphedwa ku Mwanza pamodzi ndi a Dick Matenje, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga. Tinauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Anthu ankanong'onezana, koma pagulu palibe ankayerekeza, ngakhale kulira maliro momasuka kunali koopsa. Zinatenga zaka zoposa khumi kuti komiti yofufuza ya Jaji Mtegha imve mboni, anthu n'kunena poyera zimene anaona. Kalata ya maepisikopi ya pa 8 Malichi 1992 sinanene chachilendo chilichonse. Inangonena mokweza za malipiro ochepa, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za mantha, zimene aliyense ankazidziwa mumtima. Itawerengedwa m'matchalitchi, munthu anazindikira kuti mnzake wa pa benchi nayenso akudziwa. Pa 14 Juni 1993 tinali pamzere wa riferendamu.

A Chisale: Aphunzitsi, apa tisalowe ndale. Kuno ndi kwawo kwa Ngwazi, ndipo gulu lino lili ndi anthu a zipani zosiyana.

Bambo Mwale: Sindinatchule chipani cha lero a Chisale. A Gadama analinso akwathu, ndipo ana awo analira ngati ana a wina aliyense.

Eneless (Mtunthama): Ine ndine mmodzi mwa anthu amene a Tadala anabwera kudzawapempha, ndiye ndiloleni ndilankhule ndekha. Makolo anga anachokera ku Phalombe pa lole, ine ndili wamng'ono. Ndakulira pa esiteti ina kuno, sinditchula. Ntchito yanga inali kusoka fodya m'chigafa ndi kulera mng'ono wanga amayi akakhala kumunda. Manja ankachita phula lakuda losachoka ndi sopo, nsima n'kumawawa. Sukulu ndinkapita miyezi imene kulibe ntchito, ndiye mayeso ankandipeza ndisanaphunzire kanthu. Chaka china titagulitsa, abambo anaitanidwa, kapitawo anawerenga m'kabuku mwake, n'kunena kuti ngongole yaposa fodya, ndife amene tikuyenera kubweza. Abambo sankadziwa kuwerenga. Anabwerera kunyumba osalankhula, ndipo tinakhalanso chaka china kuti tibweze.

Zimenezi ndinazifotokozapo kwa anthu ena a bungwe. Anandikhazika pa mpando, anandiuza kuti ndibwereze pamene ndinalira chifukwa makina sanagwire bwino. Anandipatsa botolo la zakumwa n'kupita. Patapita nthawi mwana wa achemwali anga anandionetsa nkhope yanga pa foni, pansi atalemba Chingerezi chimene sindinanene. Za kabuku ka kapitawo, zimene kwa ine ndiye mutu wa nkhani, anazidula. Anasiya misozi yokha. Amenewo anandidyera masuku pamutu mofanana ndi bwana uja.

A Gift, ine nkhope yanga sindikuibisa, ndine wamkulu, ndili ndi ana atatu ndipo ndimagulitsa tomato pamsika aliyense akundiona. Ndikhoza kuima pa sewero n'kunena kuti ndine. Koma ndikufuna ndimve kaye zimene mwajambula musanapatse munthu wina. Ndikufuna nkhani ya kabuku ikhalemo, chifukwa amene adakali m'maesiteti akufunika adziwe kuti ali ndi ufulu wosunga kabuku kawokawo ndi kupita ndi munthu wodziwa kuwerenga pa tsiku lowerengera. Amayi anga adakali moyo, ndipo za iwo musatchule. Tsiku limene ndidzati chotsani, muchotse.

Mayi Nabanda: Zikomo achemwali. Tadala, malamulo a ntchito yanu ndi amenewa, palibe chowonjezera.

Gift: Mayi Eneless, pepani kwambiri pa zimene anakuchitanizo. Kwa inu ndavomera zonse. Koma ndikhalabe ndi nkhawa yanga: tikabisa ana onse, eni mphamvu adzati vutoli linatha mu 2021, umboni uli kuti?

Mphatso: Umboni ndi kuonetsa pagulu ndi zinthu ziwiri Gift. Taonani za ku Msundwe, pa msewu wa ku Mchinji. Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwiriridwa ndi apolisi. Anafotokozera a Malawi Human Rights Commission, amene anafufuza n'kutulutsa lipoti. A Women Lawyers Association anatengera nkhaniyo ku Khothi Lalikulu, ndipo mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda anagamula mokomera amayi 18, kuti apepesedwe ndi ndalama ndiponso kuti olakwawo afufuzidwe. Pa dzina la mlanduwo sanalembe mayina a amayiwo, anaika zilembo zoyambirira zokha. Dziko lonse linaimva nkhaniyo, ndipo ambirife sitingawazindikire titakumana nawo pa minibasi. Mayina enieni, madeti ndi malo zisungidwe mokhoma kwa munthu mmodzi wodalirika, kuti a ofesi ya zantchito kapena loya akafuna azipeze. Pabwalo pazipita sewero.

Gift: Nanga mawu okha, popanda nkhope, pa wailesi?

Mayi Nabanda: Kumudzi mawu a munthu amadziwika kuposa nkhope. Kapitawo adzamuzindikira pa chiganizo choyamba. Mawu a mwana awerenge wosewera, ndipo musinthe mudzi, chiwerengero cha abale ake, ndi kwawo kumene anachokera.

Bambo Mwale: Ndipo seweroli musalimalize nokha. Ophunzira a ku Chancellor College ankayenda ndi masewero m'midzi kalekale, ndipo njira imene inkagwira mtima ndi yoimitsa sewero pakati n'kufunsa anthu kuti apa atani. Kapitawo akatsekula kabuku, imani pomwepo. Funsani amfumu, funsani wa ofesi ya zantchito amene mwamuitana, funsani alimi. Ayankhe anthu akumva.

Tadala: Ndalemba zonse. Tikumana Loweruka 2 koloko masana pa sukulu paja. Ana sitijambula. Akuluakulu aliyense adzanena yekha pamene nkhani yake ithere, ndipo tidzamuwerengera m'Chichewa zimene talemba asanavomere. Gift, ubwere, tikufuna wina wotitsutsa.

Gift: Ndibwera. Za ana ndagonja, koma za Facebook tikakambiranabe, chifukwa ogula fodya sabwera ku sewero la pamsika wa Chamama.

A Chisale: Ngati n'kololedwa, nane ndibwere ndi mapepala anga a kontilakiti ndi a ku okushoni, muone zimene zimatsala akadula. Mukhoza kuziika m'seweromo, dzina langa lomwe.

Eneless: Bweretsani bambo, anthu aone mbali zonse. Koma a Tadala, ine ndi a Chisale mutipatse masiku osiyana. Anzanga awiri amene ndabwera nawo sangatsekule pakamwa mwini munda ali m'chipinda chomwecho, ngakhale akhale wabwino chotani.

Tadala: Chabwino mayi. Inu ndi anzanu Loweruka, a Chisale Lachitatu.